Msewu Wodutsa Pakhomo Ndi wa Yani?

Tiyeni tiyerekeze, inu owerenga, kuti lero ndi Loweruka masana, ndipo anthu a dera lina la mumzinda wa Lilongwe asonkhana m'chipinda cha pasukulu ya pulayimale. Akuluakulu apanikizana pa timabenchi ta ana, ena aima panja n'kumasuzumira pa mazenera. Wapampando wawerenga nkhani zitatu zimene zawasonkhanitsa. Yoyamba ndi yakuti msewu wafumbi umene umadutsa pakati pa nyumba zawo ukulitsidwe ndi kuikidwa phula, kuti ukhale njira yachidule ya magalimoto opita m'tauni. Yachiwiri ndi yakuti munthu wina wachuma wapempha bwalo limene ana amaseweramo mpira kuti amangepo masitolo ndi malo omwetsera mafuta. Yachitatu ndi ya ndalama zochepa za chitukuko zimene dera lawo lalandira: kodi zikumbe ngalande za madzi a mvula, kapena ziike magetsi a mumsewu?

Woyamba kuimirira ndi bambo wina woyendetsa minibasi. "Bambo wapampando," akutero iye, "msewu uwu watimalizira matayala. Nthawi ya dzinja odwala timachita kuwanyamula pa wilibala kukafika nawo kumsewu waukulu. Phula libwere." Atakhala pansi, akuimirira mayi wina wa mwana kumsana. "Zikomo bambo wapampando. Ine ana anga awiri amawoloka msewu umenewu popita kusukulu ndi pobwera. Lero maenje ndiwo amatilondera ana, pakuti palibe galimoto imene ingathamange. Nanga mukausalaza, adzatilondera ndani?" Kenaka mnyamata wina, atapepesa kaye kwa akuluakulu, akuti: "Makolo anga, ine ndidamaliza Fomu 4 zaka zinayi zapitazo, koma mpaka lero sopo ndimapempha kwa amayi. Masitolo amenewo mwina n'kudzatilemba ntchito." Pomalizira gogo wina wamkazi, amene nyumba yake ili m'mbali mwenimweni mwa msewu, akuyankhula ali chikhalire: "Ana anga, mtengo wa mango uli pakhomo pangawo adabzala ndi malemu agogo anu aamuna. Zikhomo zoyezera msewu azikhoma kuseri kwa mtengowo, pafupi ndi khonde."

Ndani mwa anthu anayiwa amene wanama? Palibe. Ndani amene wayankhula zopanda nzeru? Palibenso. Mlandu umene wina ali wolakwa ndipo wina ali wosalakwa suvuta kuweruza. Wovuta ndi umene onse akunena zoona, koma zoona zawozo sizingakwanire pa msewu umodzi. Akatswiri omanga misewu angathe kutiuza kukula kwa msewu ndi mtengo wa phula, koma funso lakuti ndani ataye chake kuti mnzake apindule silipezeka m'mabuku awo. Limeneli ndi funso la chilungamo, ndipo limagwera ife eni dera.

Mzinda ukukula

Msonkhano wathuwu ndi wongoyerekeza, koma chimene chimayambitsa misonkhano yotere ndi chenicheni. Pa kalembera wa mu 1966, tauni ya Lilongwe idali ndi anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko litachoka ku Zomba mu 1975, kalembera wa mu 1977 adapeza anthu pafupifupi 99,000, ndipo wa mu 2018 adapeza pafupifupi 990,000. Ndiye kuti m'zaka 52 zokha, pamene padali munthu mmodzi padadzakhala anthu 50. Onsewa amafuna pogona, pogula ndiwo, ndi podzera popita kuntchito. Misewu imene idayezedwa mzinda uli waung'ono yachepa, ndipo nyumba zambiri zogonamo zasanduka maofesi, malo ogona alendo ndi malo omwera mowa. Kotero munthu wofuna kuti dera lake likhale monga lidaliri kale akupempha chosatheka. Tonse tidalira mzinda, ndipo walira mvula walira matope.

Chitsanzo chimodzi ambiri akuchikumbukira. Mu 2021 idayambika ntchito yokulitsa msewu umene unkadziwika ndi dzina la Kenyatta, wolumikiza City Centre ndi tauni yakale, kuti magalimoto atatu azipita pamene ena atatu akubwera. Aliyense amene adaimapo pa mzere wa magalimoto pamsewu umenewu m'mawa kapena madzulo ankadziwa kuti padafunika kuchitapo kanthu. Koma pamene mitengo ikuluikulu ya mbawa imene idakhala m'mbali mwake kwa zaka zambiri idayamba kugwa, anthu ambiri adadandaula, m'nyuzipepala ndi pa intaneti pomwe. N'kosavuta kuwaseka odandaulawo kuti ankakonda mitengo kuposa chitukuko. Komatu tifunse: mthunzi wa mitengo ija unkatumikira yani? Wa m'galimoto ali nalo denga lake. Mthunzi udali wa woyenda pansi, wa wopalasa njinga, wa mayi wopita kukazonda wodwala kuchipatala chachikulu atasenza dengu la chakudya. Sindikunena kuti msewuwo sukadayenera kukulitsidwa. Ndikungoonetsa chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchisunga mumtima pa nkhani yonseyi: pa ntchito ya chitukuko, wolandira ndi wolipira kawirikawiri sakhala munthu mmodzi.

Wodutsa ndi wokhala

Msewu uliwonse wa pakati pa nyumba uli ndi eni ake awiri. Pali wodutsa, ndipo pali wokhala. Kwa wodutsa, msewu ndi chingwe cholumikiza kwawo ndi kumene akupita, ndipo ukafupika ndi kusalala ndiye kuti wakoma. Kwa wokhala, msewu womwewo ndi bwalo la pakhomo. Ndi pamene mwana wake amathamangitsirapo mkombero wa njinga, pamene mkazi wake amaikapo benchi ya tomato, pamene anthu amakhala akasowa malo m'nyumba tsiku la ukwati kapena la maliro. Zofuna za awiriwa zimakokana. Chimene wodutsa amachitcha kuchedwa, wokhala amachitcha mtendere.

Chodabwitsa n'chakuti eni awiriwa sakhala m'nyumba zosiyana. Onse awiri ali mwa ine, ali mwa inu. M'mawa ndimatuluka pakhomo panga, pamene ndimalakalaka atamangapo zitunda zija timazitcha mahampu, kuti magalimoto aziyenda pang'onopang'ono pafupi ndi ana anga. Pasanathe mphindi khumi ndili m'minibasi pakati pa nyumba za anthu ena, ndipo ndikung'ung'udza ndi mahampu awo, mwinanso ndikulimbikitsa dalaivala kuti adzere njira yachidule yapakati pa makomo. Bata ndimalifuna pakhomo panga, liwiro ndimalifuna pakhomo pa mnzanga. Msika ndimaufuna pafupi kuti ndisatope ndi katundu, koma usayandikire kwambiri kuti ntchentche ndi phokoso zisandipeze. Munthu akavomera poyera kuti mtima wake ndi wotere, amafika pamsonkhano ali wofatsa, chifukwa wazindikira kuti amene akutsutsana nayeyo akungonena zimene iye mwini amanena akakhala mbali inayo ya msewu.

Kuwerenga manja

Tsono tiweruza bwanji? Njira imene imabwera msanga m'maganizo ndi yokweza manja: ochuluka apambane. Njira imeneyi ndi yabwino pa zinthu zambiri, ndipo iposa kutali kulamulidwa ndi munthu mmodzi. Koma ili ndi chilema chake. Dzanja lililonse imaliwerenga mofanana, pamene zimene anthu akutaya sizifanana. Mabanja 200 angathe kupindula pang'onopang'ono ndi msewu watsopano, pamene mabanja asanu akutaya khonde, mpanda kapena nyumba yonse. Pokweza manja, asanuwo adzagonja nthawi zonse, ngakhale kutaya kwawo kuli kolemera kuposa phindu la aliyense mwa anzawo aja.

Tiyeni tiike pa sikelo nkhawa ya mayi uja ndi changu cha wodutsa. Galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola imatha kilomita imodzi m'mphindi ziwiri. Yoyenda makilomita 60 pa ola imaitha m'mphindi imodzi. Ngati tsono msewu wa pakati pa nyumba uli wotalika kilomita imodzi, phindu lonse la wothamanga ndi mphindi imodzi. Nanga mtengo wa mphindi imeneyi ndi wotani? Pa liwiro la 60, galimoto imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse, kotero kuti dalaivala asanaponde n'komwe mabuleki, yadutsa kale nyumba yathunthu. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime itapondedwa mabuleki umawirikiza kanayi. Mphamvu imene imagunda nayo munthu imawirikizanso kanayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, kuti oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, ndi kuti ngozi zimenezi ndizo zimatsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29.

Mbali imodzi ya sikelo pali mphindi. Mbali inayo pali mwana. Mphindi yotayika lero imapezeka mawa podzuka msanga. Mwana sabwerera, madzi akatayika saoleka. Apa tikuphunzira lamulo loyamba la kuyeza: chinthu chimene sichingabwezedwe chiyenera kulemera kuposa chimene chingabwezedwe, ngakhale ofuna chachiwirichi atachuluka chotani.

Wina angati: mantha amenewa ndi a anthu osazolowera chitukuko. Koma maiko amene adatitsogolera pa magalimoto adadutsa m'misozi yomweyi. Ku Netherlands, mu 1971, ngozi za pamsewu zidapha anthu pafupifupi 3,300, ndipo oposa 400 mwa iwo adali ana. Makolo adayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Ankatseka misewu ya pakati pa nyumba zawo, kuikamo matebulo ndi kulola ana kusewera, mpaka akuluakulu a boma adamva. Pang'onopang'ono dzikolo lidamanga tinjira ta njinga, ndipo m'misewu yambiri ya m'makomo galimoto idasanduka mlendo woyenda mwaulemu. M'zaka zaposachedwapa akufa pamsewu kumeneko sakwana 800 pa chaka, ngakhale magalimoto achuluka kwambiri kuposa kale. Anthu amenewa sadakane misewu kapena magalimoto. Adangokana kuti wodutsa akhale mwini yekha wa msewu.

Palinso china chimene mizinda yambiri yaphunzira mochedwa. Msewu ukakula ndi kusalala, umaitana magalimoto amene kale ankadzera kwina, ndiponso anthu amene kale ankayenda pansi kapena kukwera basi. Patapita zaka zochepa mzere uja umabwereranso. Kotero bambo wa minibasi uja ali ndi chifukwa chomveka chofunira phula, koma anzake ali nachonso chifukwa chofunsira kuti phulalo lidzakoka magalimoto angati pa tsiku, ndiponso a mtundu wanji.

Kuwerenga ndalama

Njira yachiwiri yoweruzira ndi yowerenga ndalama. Munthu wachuma uja angathe kunena kuti bwalo la mpira silibweretsa tambala, pamene masitolo adzalemba ntchito achinyamata ndi kupereka msonkho ku khonsolo. Zimenezi ndi zoona, ndipo tisamuone wamalonda ngati mdani. Dera lopanda sitolo, chigayo ndi msika limatopetsa amayi ndi kusowetsa ntchito ana athu. Mawu a mnyamata uja wopempha sopo kwa amayi ake ndi olemera ndithu.

Chilema cha njira imeneyi n'chakuti imaona zokhazo zimene zili ndi mtengo wolembedwa. Tulo ta mwana wa sukulu amene zenera lake layang'anana ndi malo omwera mowa tilibe lisiti. Bwalo limene limasunga anyamata 40 madzulo aliwonse kuti asakhale m'makona a misewu silioneka m'buku la msonkho. Phindu la sitolo limalowa m'thumba lodziwika, pamene phokoso, utsi, madzi akuda ndi malole oimika pakhomo zimagawidwa mwakachetechete kwa anthu amene sadasaine pepala lililonse. Malonda achilungamo ndi amene amasenza okha katundu wawo, osamutula pakhomo pa anansi.

Tisaiwalenso kuti amalonda ali pawiri. Pali wa sitolo yanjerwa, ndipo pali mayi wa mandasi ndi mnyamata wa kaunjika. Mu 2006 boma lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda yathu pa ntchito imene idatchedwa Operation Dongosolo, ndipo adauzidwa kuti akalowe m'misika. Misewu idaoneka bwino, oyenda pansi adapeza podutsa. Koma m'zaka zotsatira ambiri adabwereranso m'misewu, pakuti wogulitsa amatsata pamene pali mapazi a anthu, ndipo njala ya kunyumba imaopsa kuposa ndodo ya mlonda. Phunziro lake ndi lakuti dongosolo limene silidaganizire kumene wosauka adzadyera silikhalitsa. Ngati masitolo atsopano adzathamangitsa amayi khumi ogulitsa masamba kuti alembe ntchito anyamata asanu, tiwerenge onse khumi ndi asanuwo, tisawerenge asanu okha.

Kukana nakonso kumalakwa

Pofika apa wina angaganize kuti wolungama nthawi zonse ndi wokana. Iyayi. Kukana nako kuli ndi dyera lake, ndipo dyera limeneli ndi lovuta kuliona chifukwa limavala malaya aulemu. Munthu amene adapeza puloti kalekale, namanga nyumba ndi mpanda, angathe kukana msika, sukulu, siteji ya minibasi ndi nyumba za lendi, akunena kuti akuteteza bata la dera, pamene chenicheni n'chakuti safuna kuyandikana ndi osauka. Amaiwala kuti pamene pali nyumba yakepo padali munda wa munthu wina, ndi kuti tsiku limene iye ankafika, ena adamupatsa malo. Chipatala, msika, manda ndi kotayira zinyalala ziyenera kukhala penapake. Dera lililonse likakana, zinthu zimenezi zimakathera kwa amene alibe mawu, kumene kulibe wodziwa kulemba kalata kapena wodziwana ndi akuluakulu. Kupambana kotere sikuchotsa katundu. Kumangomusamutsira pamutu pa wofooka. Ndipo odwala aja onyamulidwa pa wilibala nawonso ndi anthu. Amene akukana phula chifukwa chokonda bata lake ayenera kuwayang'ana m'maso.

Wodula asayambe kusankha

Ngati manja sakwanira, ndalama sizikwanira, kukananso sikukwanira, titsamira pati? Nzeru yake amayi athu amaidziwa. Mayi akapatsa ana awiri chinangwa chimodzi, amauza mmodzi kuti adule, winayo ayambe kusankha. Wodulayo amayesetsa kudula pakati penipeni, chifukwa sadziwa kuti chidutswa chake chidzakhala chiti. Katswiri wina wa maganizo wa ku America, John Rawls, adafotokoza nzeru yofanana ndi imeneyi m'buku lake la mu 1971. Iye adaphunzitsa kuti malamulo achilungamo ndi amene anthu angawasankhe atakhala kuti sakudziwa malo amene aliyense adzakhale nawo pakati pa anzake, kaya adzakhala wolemera kapena wosauka, wamphamvu kapena wofooka. Munthu wosankha ali m'chimbulimbuli chotere amasamala kwambiri za amene adzakhale pansi pa onse, pakuti mwina adzakhala iye.

Tiyeni tiitengere nzeru imeneyi m'chipinda chathu cha sukulu chija. Aliyense asanakweze dzanja adzifunse: ndikadakhala kuti sindikudziwa kuti mawa ndidzadzuka m'nyumba iti ya dera lino, kodi ndikadavomera? Mwina ndidzadzuka m'nyumba ya gogo ija ya zikhomo pakhonde. Mwina ndidzadzuka ndili mwana wa Sitandade 2 wowoloka msewu, kapena mnyamata wosowa ntchito, kapena wodwala wa pa wilibala. Funso limeneli silipereka yankho limodzi pa nkhani zonse, koma limachotsa mayankho ambiri oipa.

Taonani mmene limathandizira pa nkhani yachitatu ija. A kumtunda adzafuna magetsi a mumsewu, ndipo chifukwa chawo n'chomveka, pakuti mdima umabisa akuba ndi kuopseza amayi obwera mochedwa kuchokera kumsika. A kumunsi adzafuna ngalande. Phula, malata ndi simenti sizimwa madzi. Dera likamangidwa kwambiri, mvula imene kale inkalowa m'nthaka imathamangira kumunsi yonse nthawi imodzi. Anthu a ku Mtandire adaona mu 2017 chimene madzi amachita, pamene mtsinje wa Lingadzi udasefukira ndi kuwononga nyumba. Munthu wosadziwa ngati adzagona kumtunda kapena kumunsi angayambe ndi ngalande, makamaka ngati phula likubwera, chifukwa msewu wa a kumtunda usasanduke mtsinje wa a kumunsi. Magetsi atsatire chaka chinacho, ndipo lonjezo limenelo lilembedwe.

Amene sadabwere kumsonkhano

Pali anthu ena amene nkhani zonsezi zimawakhudza kwambiri, koma pa mabenchi aja palibe. Ana, amene bwalo ndi lawo, saitanidwa. A lendi kawirikawiri amaganiza kuti misonkhano ndi ya eni nyumba, chonsecho ndiwo amagona m'zipinda zoyang'ana kumsewu. Antchito a m'nyumba, alonda, olumala oyenda pa njinga zawo, ndi amene adzabadwe zaka 20 zikubwerazi, onsewa alibe dzanja loti liwerengedwe. Msonkhano wachilungamo umayamba ndi kufunsa kuti: ndani palibe pano, ndipo amuyankhulira ndani?

Malamulo a dziko lino amatipatsa pogwira. Malamulo aakulu a mu 1994 amalola kuti boma litenge malo a munthu pokhapokha ngati ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, mwini wake atadziwitsidwa mokwanira ndi kupatsidwa chipukuta misozi choyenera, ndipo ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Lamulo la za chilengedwe la mu 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Ndiponso munthu saloledwa kusandutsa malo ogonamo kukhala a malonda popanda chilolezo cha oyang'anira mapulani. Koma lamulo lili ngati khasu: lopanda woligwira sililima. Ndipo chipukuta misozi chimapita kwa mwini malo. Mayi wa benchi ya tomato, wa lendi wosamutsidwa, ndi mwana wotaya bwalo kawirikawiri salandira kanthu. Pamene lamulo lalekezera, chikumbumtima cha anansi chiyenera kupitiriza.

Tikumbukirenso kuti kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala. Zaka zimenezo zidatizoloweza kuona chitukuko ngati mvula, yongogwa kuchokera kumwamba osafunsa munthu. Lero tili nawo otiimira, koma ambiri a ife timapezeka pamsonkhano pokhapokha zikhomo zikakhomedwa pakhomo pathu. Pamene zinkakhomedwa pakhomo pa mnzathu tidali otanganidwa. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Amene sadapite kukayankhulira khonde la mnzake asadabwe kuona mabenchi opanda anthu tsiku la khonde lake.

Potseka msonkhano

Tibwerere tsono kusukulu kuja, dzuwa likupendeka. Ngati anthu aja amvana mwachilungamo, mwina atuluka ndi mfundo zonga izi. Phula libwere, koma libwere pamodzi ndi mahampu pafupi ndi sukulu, kanjira ka oyenda pansi ndi ngalande, zonse nthawi imodzi, osati zina lero zina m'tsogolo mosadziwika. Oyeza msewu apemphedwe kuona ngati sungakhotere pang'ono kumbali kopanda nyumba. Ngati n'kosatheka, gogo uja alandire chake ntchito isanayambe. Wamalonda alandiridwe ndi manja awiri, koma malo omwetsera mafuta asayandikane ndi sukulu, ndipo ngati bwalo lipita, ana aonetsedwe lina loti angafikeko ndi miyendo yawo, zikhomo zisanakhomedwe. Pasitolopo pasiyidwe malo a amayi a tomato.

Ngakhale zitatero, wina adzapitabe kwawo ndi mtima wosweka. Mwina mtengo wa mango uja udzagwa ndithu. Chilungamo sichilonjeza kuti palibe adzataye kanthu. Chimafuna kuti wotayayo afunsidwe zisanachitike, kuti katundu asatulidwe nthawi zonse pa mutu womwewomwewo, ndi kuti opindula adziwe kuti ali ndi ngongole. Bambo wa minibasi amene matayala ake apulumuka ayenera kudziwa kuti phula akuyendapolo lidadula mtengo wa munthu. Kupita kukamuona gogoyo, kumubzalira mtengo wina, kumuimitsira minibasi pakhomo tsiku limene wadwala, zimenezi si zachifundo chabe. Ndi kubweza ngongole.

Pali mwambo umodzi umene tonse timausunga osauganizira. Pakhomo pakagwa maliro, anyamata amathyola masamba ndi kuwaika pamsewu. Dalaivala akawaona amachepetsa liwiro ngakhale achedwe chotani, ndipo wapanjinga amatsika n'kuikankha. Palibe wapolisi amene amaima pamenepo. Aliyense amangodziwa kuti pano pali anthu, ndipo msewu uwu lero ndi wawo. Ndiye kuti yankho la funso lathu tili nalo kale m'mitima mwathu. Chotsala n'chakuti ulemu umene timapereka kwa mwana atagona m'bokosi tiyambe kuupereka kwa mwana yemweyo akadali ndi chikwama cha mabuku kumsana, ataima m'mbali mwa msewu, akuyang'ana uku ndi uku kuti awoloke.